Dotolo Denis Burkitt ndi Cotupa ca Nsagwada

Ambiri a ife kuno ku Mchinji tinaonapo mwana wotupa tsaya, mano nagwedera, cotupa nicikula m'masabata owerengeka okha. Nthendayi ndiyo khansa yogwira ana ambiri m'Malawi koposa zinzace, ndipo m'zipatala aichula ndi dzina la Denis Burkitt.

Iyeyu anabadwira ku Enniskillen, m'dziko la Ireland, caka ca 1911. Ali wa zaka 11 mwala unamlasa, nataya diso lace la kumanja. Anaphunzira za mankhwala ku Dublin, nafika ku Uganda mu 1946, ali munthu wopemphera. Caka ca 1957, pa cipatala ca Mulago ku Kampala, Dotolo Hugh Trowell anamuitana adzaone kamnyamata kotupa nsagwada zonse. Posacedwa anaonanso wina wotere ku Jinja. Pamenepo anayamba kufunafuna m'mabuku akale a cipatala, nalemba mu 1958 za ana 38 odwala nthenda imodzimodziyo.

Koma cimene ticita naco cidwi ndi ulendo wace wa 1961. Anatenga anzace awiri, Ted Williams ndi Cliff Nelson, nayenda pa galimoto yakale ya Ford mamailosi 10,000 m'masabata 10, nalowa zipatala zoposa 50, za m'Nyasaland zomwe. Ponse anafunsa kumene ana otupawo acokera, nalemba pa mapu. Ndipo taonani, nthendayo inacuruka m'maiko otentha ndi a mvula, monga kunyanja ndi ku cigwa ca Shire, nisowa pa mapiri ozizira. Malire ace anali malire a udzudzu.

Poyamba anayesa kuti udzudzu unyamula kacirombo ka khansayo. Anthony Epstein, amene anamumva alikulankhula ku London, analandira kwa iye zidutswa za zotupa, napezamo kacirombo mu 1964 pamodzi ndi Yvonne Barr ndi Bert Achong. Koma kanapezeka kuti kali mwa anthu pafupifupi onse a dziko lapansi, osawadwalitsa cotupa. Tsono mlandu unagwera malungo. Kacirombo kabisala m'timaselo ta m'mwazi totcinjiriza thupi. Malungo obwerezabwereza atiutsa kuti tiswane kopanda kupuma, nafoketsanso alonda ena amene akadaononga toipato. Ndipo kamodzi kakalakwika pakuswana, cotupa ciyamba.

Burkitt sanakhuta ndi mapu okha. Anapempha mankhwala kwa opanga, methotrexate ndi cyclophosphamide, naona zotupa zirikuphwa, ana ena nacira ndithu, cinthu cosowa pa khansa masiku ajawo. Anacoka ku Uganda mu 1966, namwalira ku England pa 23 March 1993. Cyclophosphamide yemweyo ali m'gulu la mankhwala amene ana athu alandira lero akatumizidwa ku cipatala ca Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo ofika msanga ndiwo acira ambiri.