John Kemeny, Mphunzitsi Amene Adatsegulira Onse Kompyuta

John Kemeny adabadwira ku Budapest m'chaka cha 1926, nasamukira ku America mu 1940. Pa koleji ya Dartmouth, kumene adakaphunzitsa masamu, ophunzira ambiri sanali a sayansi ayi, koma iye adakana zoti kompyuta ikhale ya akatswiri okha. Mu 1964 iye ndi mnzake Thomas Kurtz adakonza BASIC, chilankhulo cholamulira kompyuta ndi mawu apafupi monga PRINT. Adalumikizanso makina ambiri otayipira ku kompyuta imodzi, kuti ophunzira azigaŵana nthaŵi yake. Motero wophunzira mbiri kapena ndakatulo ankadzilembera yekha malamulo, naona pomwepo pamene waphonya. Njira imeneyi njoyenera ngakhale m'kalasi la ku Kaphuka. Atakhala mkulu wa kolejiyo mu 1970, Kemeny sadaleke kuphunzitsa. Adamwalira mu 1992.