Du Chisiza, munthu amene anadyera seŵero

Pa Ciŵeru masana mukazungulira maholo a machalichi ku Mindolo, simulephera kupeza anyamata na atsikana akuyeseza seŵero. Wina wavala jekete ya agogo ake, wina wamanga citenge kumutu kuti aoneke ngati apongozi ovuta. Luso alinalo, palibe angakane. Koma afunseni kuti akatsiriza sukulu adzaseŵera kuti, ndipo adzawalipira ndani, onse amayang'ana pansi. Makolo nawo funso lawo n'limodzi cabe: kodi seŵero limagula unga? Lero tiyeni tikambe za munthu wa ku Malawi amene anayankha funso limeneli na moyo wake, Dunduzu Chisiza wamng'ono, amene anthu anali kungomuchula kuti Du.

Du anabadwa pa 26 March 1963 ali wamasiye kale. Atate ake, Dunduzu Chisiza, mlembi wamkulu wa cipani ca Malawi Congress, anamwalira pa ngozi ya motoka pa Thondwe, kufupi na Zomba, mu September 1962, mwana akali m'mimba. Mu 1967 atate ake aakulu, Yatuta Chisiza, anaphedwa na asilikali a boma atabwerera m'dziko na mfuti kudzalimbana na Kamuzu Banda. Conco dzina la Chisiza linali katundu wolema kunyamula m'Malawi wa masiku aja.

Luso lake linaonekera akali pa sukulu ya Henry Henderson Institute ku Blantyre. Mu 1982 seŵero lake, The Deceased's Attack, linapambana pa mpikisano wa masukulu a dziko lonse, wofanana na uja wa NASAAZ umene ana athu amapitako kuno. Ambiri opambana mipikisano yotere amathera pamenepo: cikho pa kabati, iwo ku ofesi. Du sanatero. Anapita ku America, ku Philadelphia, kukaphunzira za maseŵero, ndipo anabwerako mu 1987.

Zimene anapeza kwawo ife a ku Kopala tizidziŵa bwino. Maseŵero analipo, koma nchito ya maseŵero kunalibe. Oseŵera anali ana a sukulu, ophunzira a ku Chancellor College ku Zomba, kapena anthu oseŵenza kwina amene anali kukwera pa siteji akaŵeruka. N'cimodzimodzi na mmene Kitwe Little Theatre na Lowenthal Theatre ku Ndola zinayambira: makalabu a anthu okhala na malipiro a ku mgodi kapena ku ofesi, seŵero n'kukhala cosangalatsa ca madzulo. Munthu wofuna kulembedwa nchito ngati woseŵera analibe khomo logogodapo.

Du anaona kuti ngati khomo kulibe, ndiye kumanga nyumba. Caka cimeneco ca 1987 anayambitsa Wakhumbata Ensemble Theatre, gulu loyamba m'Malawi loseŵera ngati nchito yodyera.

Gulu lotere limakhala na moyo cifukwa ca ndalama ya pakhomo. Pa ndalama imeneyo pacoke ya holo, ya motoka, ya zovala, ya cakudya, yotsalayo ndiyo agaŵane oseŵera. Ndipo munthu amene anaonera seŵero mwezi watha sangalipirenso kuonera lomwelo. Pali njira ziŵiri cabe: kulemba latsopano, kapena kunyamula lakale kupita nalo kumene sanalione. Du anacita zonse. Analemba maseŵero opitirira 20, kuwatsogolera, n'kuseŵeramonso yekha. Ku Blantyre anthu anali kudzaza French Cultural Centre, kucoka apo gulu lili pa msewu kupita m'matauni ena na m'masukulu a sekondale. Iye anali kuseŵera maka-maka m'Cingelezi, pamene gulu la Kwathu linali kukoka anthu na Cicewa. Aliyense anali na msika wake.

Vuto lina linali boma. Kuyambira 1968 Malawi anali na bungwe lounika mabuku na maseŵero, ndipo seŵero silinali kuonetsedwa popanda cilolezo cawo. Apa m'pamene Du anaonetsa ucenjede. Anali kukamba mokuluŵika, ngati mkulu wopereka mwambi pa bwalo. Papa's Empire anthu anailandira ngati nkhani ya ulamuliro wa Kamuzu, ngakhale dzina lake silinachulidwe. Nanga Tatuya Futi? Tembenuzani zilembo za Tatuya, mupeza Yatuta. Oonerera anali kumva, kuseka, n'kubwerera kunyumba osakamba zambiri m'basi.

Manje apa m'pamene nkhani imaŵaŵa. Mu 1993, caka cimene a Malawi anavotera kuti kukhale zipani zambiri, Du anavomera kukhala nduna yoona za acinyamata, maseŵera na cikhalidwe m'boma la Kamuzu lomwelo. Amene anali kumuombera m'manja anadabwa. Mwana wa Chisiza, mlembi wa Papa's Empire, pa mpando wa MCP? Unduna sunakhalitse. Mu May 1994 Bakili Muluzi anapambana masankho, ndipo Du anabwerera ku siteji na maseŵero ena, monga De Summer Blow. Cakumapeto kwa moyo wake analoŵanso ndale, ulendo uno ku UDF. Ena mpaka lero amakamba kuti anagulitsa mawu ake. Ena amati anafuna kukonza zinthu ali mkati. Coonadi n'cakuti woseŵera amadyera cikhulupiriro ca oonerera, ndipo Du anaciika pa ngozi.

Anamwalira pa 24 February 1999 atadwala, ali na zaka 35 cabe. Koma gulu silinafe tsiku lomwelo. Gertrude Kamkwatira, amene anakulira m'manja mwake pa siteji, anatsogolera Wakhumbata, pambuyo pake n'kuyambitsa gulu lake-lake la Wanna Do, mpaka nayenso anamwalira mu 2006. Apa m'pamene pali umboni wakuti Du sanangokhala katswiri payekha. Anaphunzitsa anthu nchito, ndipo iwo anapitiriza kudyera momwemo.

Kuno kwathu masiku aja migodi ya ZCCM inali kusamala makalabu na maholo anapita. Woseŵera wa ku Mindolo akayembekeza kuti wina adzamuitana, adzakalamba akali kuyembekeza. Koma onani mapu: Kitwe, Ndola, Luanshya, Mufulira, Chingola, Kalulushi, Chililabombwe, matauni oyandikana, onse ali na masukulu na maholo, ndipo minibasi imafika konse tsiku limodzi. Du analibe mwayi wa matauni oyandikana conco.

Tsono imwe a jekete ya agogo, Ciŵeru cikubwerci mukatsiriza kuyeseza, khalani pansi na pepala. Lembani mtengo wa holo, mtengo wa motoka, na anthu angati ayenera kuloŵa kuti aliyense abwerere kunyumba na ya unga. Mukapeza nambala imeneyo, mwayamba nchito.