Dambudzo Marechera: mlembi amene anakana thandizo la madokotala a maganizo

HARARE – Akuluakulu a New College ku yunivesite ya Oxford atatopa ndi khalidwe la wophunzira wina wochokera ku Rhodesia m'chaka cha 1976, anamuuza kuti asankhepo chimodzi: kulandira thandizo la madokotala a matenda a maganizo kapena kuchotsedwa sukulu. Dambudzo Marechera anasankha kuchoka. Patangotha zaka ziwiri, iye anatulutsa buku lotchedwa The House of Hunger, limene linamutchukitsa m'maiko ambiri.

Marechera anabadwa pa 4 June 1952 m'komboni ya Vengere ku Rusape. Bambo ake, omwe ankagwira ntchito kumochale, anamwalira atagundidwa ndi galimoto iye akadali mnyamata, ndipo banjalo linagwa mu umphawi wadzaoneni. Ngakhale anali wachibwibwi, m'kalasi anali wanzeru kwambiri. Anaphunzira pa mishoni ya St Augustine's ku Penhalonga, kenaka ku University of Rhodesia, komwe anachotsedwa mu 1973 chifukwa cha zionetsero za ophunzira zodana ndi tsankho.

Ku England moyo wake unali wa mowa, mikangano ndi kusowa pokhala. Mu 1979 anapambana mphoto ya Guardian Fiction Prize, koma pamwambo wolandirira mphotoyo anayamba kuswa mbale pamaso pa alendo. Buku lake lachiwiri, Black Sunlight, linaletsedwa kwa kanthawi m'dziko la Zimbabwe lomwe linali litangolandira kumene ufulu. Atabwerera kwawo mu 1982, nthawi zina ankagona panja mumzinda wa Harare, nʼkumalemba ndi taipilaita yake m'paki ya Cecil Square, yomwe lero ndi Africa Unity Square.

Moyo woterewu umadzutsa funso lomwe limavutitsa madokotala mpaka pano: kodi khalidwe lovuta limasanduka matenda pati? Akatswiri amazindikira gulu la matenda a maganizo okhudza khalidwe la munthu. Wodwalayo amadziona molakwika, amalephera kusunga ubale ndi anzake ndiponso kuugwira mtima, ndipo zimenezi zimapitirira kwa zaka mpaka kumuwonongera ntchito ndi banja. Vutoli kawirikawiri limayamba paunyamata, makamaka mwa omwe anakula m'mazunzo, ndipo thandizo lake lalikulu ndi uphungu wa nthawi yaitali osati mapiritsi.

Komabe, m'nthawi ya atsamunda ukatswiri umenewu unagwiritsidwapo ntchito molakwika. Mu 1954 dokotala J.C. Carothers analembera boma la atsamunda ku Kenya lipoti lofotokoza kuukira kwa Mau Mau monga vuto la m'maganizo a Akikuyu, osalabadira kwenikweni za malo omwe analandidwa. Lero bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, m'ndondomeko yake ya ICD-11 yomwe inayamba kugwira ntchito mu 2022, limanena kuti khalidwe lochokera ku chikhalidwe cha anthu kapena ku mikangano ya ndale lisatengedwe ngati matendawa.

Marechera anali ndi zifukwa zenizeni zokwiyira, pakuti anakula m'tsankho ndipo anaona atsogoleri atsopano akupondereza owadzudzula. Koma anavutikanso zenizeni, ndipo anakhumudwitsa ambiri omwe ankafuna kumuthandiza. Amene amamutcha wamisala amanyalanyaza choonadi cha m'mabuku ake, pomwe omutamanda monga ngwazi chabe amaiwala kuti anali munthu wosowa chisamaliro.

Iye anamwalira ku Harare pa 18 August 1987 ali ndi zaka 35, atadwala chibayo chobwera chifukwa cha Edzi. Flora Veit-Wild, mayi wa ku Germany yemwe analemba mbiri yake, anasonkhanitsa zolemba zomwe anasiya, ndipo zinasindikizidwa m'mabuku a The Black Insider mu 1990, Cemetery of Mind mu 1992 ndi Scrapiron Blues mu 1994.