Hans Driesch, munthu amene anagawa mluza pawiri

Mukaona mapasa ofanana ndendende, dziwani kuti onse awiri anachokera m'dzira limodzi. Koma zimatheka bwanji kuti theka la mluza likhale munthu wathunthu? Wina mwa oyamba kulimbana ndi funso limeneli anali Hans Driesch, wasayansi wa ku Germany amene anabadwa mu 1867 ku Bad Kreuznach.

Atamaliza maphunziro ku yunivesite ya Jena mu 1889, Driesch anapita ku Naples m'dziko la Italy kukafufuza za sea urchin. Kameneka ndi kanyama ka m'nyanja ya mchere, kobulungira, kaminga thupi lonse ngati kanungu. Mazira ake amaonekera mkati, choncho munthu amatha kuona ndi maikulosikopu mmene selo limodzi likugawikira kukhala awiri, anayi, mpaka ambirimbiri.

Nthawi imeneyo Wilhelm Roux anali atapha selo limodzi mwa awiri a mluza wa chule ndi singano yamoto, ndipo kunakula theka la mluza. Ambiri anaganiza kuti selo lililonse limanyamula chigawo chake chokha cha thupi. Mu 1891 Driesch anakhutchumula miluza ya sea urchin mpaka maselo awiri oyambirira analekana. Ankayembekezera matheka. M'malo mwake, selo lililonse linakula kukhala kamwana kathunthu, kungoti kakang'ono. Apa anazindikira kuti chimene selo lidzakhale chimadalira malo amene lili pakati pa anzake.

Nanga selo limadziwa bwanji malo ake? Driesch yankho linamusowa. Anayamba kukhulupirira kuti m'zamoyo muli mphamvu ina yosapimika, anasiya kafukufuku n'kukhala mphunzitsi wa filosofi. Mu 1933 boma la Nazi linamuchotsa ntchito ku Leipzig chifukwa ankadana ndi nkhondo. Anamwalira mumzinda womwewo mu 1941.

Yankho linabwera ndi ena. Sven Hörstadius wa ku Sweden anachotsa timaselo tinayi ta kumunsi kwa mluza wa sea urchin n'kutiika mbali ina, ndipo maselo oyandikana nato anayamba kupanga matumbo. Zinaonekeratu kuti maselo amatumizirana uthenga. Lero tikudziwa kuti uthengawo ndi mapuloteni amene selo limatulutsa, anzake n'kulandira. Wnt amathandiza kupanga matumbo, Nodal amasonyeza mbali imene kudzakhale kamwa, pamene BMP amakonza mbali inayo.

Mwina mukufunsa kuti kanyama ka m'nyanja kakukukhudzani bwanji. Mapuloteni omwewa amagwiranso ntchito m'mimba mwa mayi. Nodal, mwachitsanzo, amathandiza kuti mtima wa mwana ukhale kumanzere. Zambiri mwa izi zimachitika m'masabata oyambirira, mayi asanadziwe n'komwe kuti waima. Chiyambi cha ubongo ndi mtsempha wa mumsana chimatsekeka pafupifupi tsiku la 28 dzira litakumana ndi umuna.

Choncho inu makolo ndi alangizi a zaumoyo m'midzi, musadikire kuti mimba ioneke. Mayi amene akufuna kutenga pakati afunse kuchipatala za mapiritsi a folic acid, aleke mowa, asamwe mankhwala amene dokotala sanamuuze, ndipo ayambe sikelo akangodumphitsa mwezi.