Orton Chirwa: loya amene anamanidwa loya

Orton Edgar Ching'oli Chirwa anabadwa pa 30 January 1919 m'boma la Nkhata Bay ku Nyasaland, dziko limene lero ndi Malawi. Anaphunzira malamulo ku London ndipo mu 1958 anakhala munthu wakuda woyamba wa dzikolo kuvomerezedwa kuimira anthu pa milandu. Mu 1959 anayambitsa cipani ca Malawi Congress Party, nasiyira utsogoleri wake Dr Hastings Kamuzu Banda atatuluka m'ndende mu 1960.

A Chirwa anali nduna ya zacilungamo pamene Malawi anadziimira payekha mu 1964, koma caka comweco anasemphana ndi a Banda, nathawira ku Tanzania.

Pa 24 December 1981 iwo, akazi awo a Vera, amene anali kuphunzitsa malamulo pa University of Zambia, ndi mwana wawo Fumbani anagwidwa ndi acitetezo a ku Malawi. Banjali linati linabedwa ca ku Chipata, m'cigawo ca Kum'mawa. Boma la Malawi linati linawagwira atalowa m'dzikolo.

Mlandu woukira boma sanautengere ku bwalo lalikulu. Anaupereka ku bwalo la mafumu ku Blantyre, kumene woimbidwa mlandu sanali kuloledwa kukhala ndi loya. Pempho lawo loitana mboni zocokera kunja linakanidwa. Motero akatswiri awiri a malamulo anadziyankhulira okha pamaso pa oweruza amene mtsogoleri wa dziko, mwini dandaulo, anali ndi mphamvu yowasankha ndi kuwacotsa. Mu May 1983 anawagamula kuti anyongedwe, ndipo apilo yawo inakanidwa mu February 1984. Maiko ndi mipingo atadandaula, a Banda anasintha cilangoco kukhala ukaidi wa moyo wonse.

M'ndende ya Zomba a Chirwa anakhala kwaokha, nthawi zina m'maunyolo. Anaonananso ndi akazi awo mu September 1992, patapita zaka 8, maloya a ku Britain atawayendera. Anamwalira m'ndendemo pa 20 October 1992.

Dandaulo la Amnesty International linafika ku bungwe la African Commission on Human and Peoples' Rights, limene linapeza kuti Malawi anaphwanya ufulu wawo woweruzidwa mwacilungamo. A Vera anamasulidwa mu January 1993, ndipo pambuyo pake bungwe lomwelo linawapatsa udindo woyendera ndende za mu Africa.