Chimtunga Jere ndi Pangano la ku Ekwendeni

Inkosi M'mbelwa woyamba, mwana wa Zwangendaba, anamwalira m'chaka cha 1891, ndipo zinapita zaka zingapo Angoni asanamvane za wolowa m'malo mwake. Potsiriza anaika mwana wake Chimtunga Jere. Masiku amenewo maiko ozungulira anali kulowa m'manja mwa Angerezi, ena ndi nkhondo. Gomani anaphedwa mu 1896, ndipo Mpezeni anagonjetsedwa mu 1898, ng'ombe zake zambiri nizilandidwa. Koma dziko la M'mbelwa linakhalabe pa lokha, lopanda boma, lopanda msonkho.

M'mwezi wa September 1904 Bwana Mkubwa Alfred Sharpe anafika ku Ekwendeni wopanda gulu la nkhondo, nakomana ndi Chimtunga, makosi anzake ndi khamu la anthu. Amishoni a Livingstonia ndiwo anakonza njira ya msonkhanowo, ndipo mmodzi wa iwo anali Donald Fraser wa kuno ku Embangweni. Mau amene anapangana anali awa: kuti ulemu ndi mphamvu za makosi zidzasungika, ndipo adzaweruzabe mirandu ya anthu ao, kuti makosi adzalandira malipiro chaka ndi chaka, kuti apolisi a m'dzikomo adzakhala Angoni okha okha, ndi kuti msonkho sudzayamba kufikira 1906. Owerenga azindikire ichi, pakuti pagona nkhani yonse: Angoni a kuno sanagonjetsedwe ndi mfuti, analowa pansi pa Boma mwa pangano. Wogonja amalandira chimene apatsidwa, koma wopangana akhoza kufunsa mnzake chifukwa chake waswa mau.

Mauwo anayesedwa pa nkhondo ya Ajeremani. Boma linafuna amuna a mtengatenga ndi zakudya za asilikali, ndipo Chimtunga anakana kuwatumiza anthu ake. Mu 1915 Boma linamchotsa pa mpando, nilimpitikitsira ku Chiromo, dziko lotentha la kunsi kwa Shire, kutali ndi ng'ombe ndi manda a makolo ake. Pamenepo lamulo la 1912 la kayendetsedwe ka maboma, limene linayesa mafumu ngati anyamata a Bwana wa pa boma, linafika ndi kuno komwe. Kunena zoona, pangano la zaka 11 zokha linaiwalika msanga pamene Boma linapanikizidwa.

Koma Angoni sanaliiwale. Mu 1920 aphunzitsi, abusa ndi makosi anayamba Mombera Native Association, ndipo mwa atsogoleri ake munali Yesaya Chibambo ndi Charles Chinula, anthu ophunzira pa mishoni. Iwo sanatenge nthungo ndi zishango. Anatenga cholembera, nakumbutsa Boma kawiri kawiri kuti ufumu wa M'mbelwa unazindikiridwa ku Ekwendeni, ndipo suyenera kufafanizidwa. Chaka chomwecho Chimtunga analoledwa kubwera kwao, koma monga nyakwawa ya mudzi chabe. Anamwalira mu 1924, ufumu wake usanabwezedwe.

Mlanduwo sunafe naye. Mu 1928 Boma linabvomera mwana wake Lazaro Jere, ndipo mu 1933, pamene lamulo latsopano linapatsa mafumu mabwalo a mirandu ndi mphamvu ya kulamulira, iye anadziwika monga Inkosi ya Makosi M'mbelwa wachiwiri, wokhala ndi bwalo la makosi lomuthangata. Mpando umene Chimtunga anachotsedwapo ulipobe ku Edingeni.