DANIEL FAHRENHEIT, MMISIRI WA COYESERA KUTENTHA

Ambiri a ife taona kagalasi kaja kamene sing'anga wa kucipatala aika m'khwapa mwa wodwala malungo. Mwezi uno tifuna kukuuzani za munthu amene anacititsa kuti coyesera cotere cikhulupirike.

Daniel Gabriel Fahrenheit anabadwa caka ca 1686 ku Danzig, mudzi umene lero ucedwa Gdańsk, m'dziko la Poland. Pokhala iye wa zaka 15, atate wace ndi amace anafa tsiku limodzi, ndipo mbiri iti anadya bowa wakupha. Tsoka limene ifenso tilidziwa nyengo ya dzinja. Omlera anamtumiza ku Amsterdam akaphunzire malonda, koma mtima wace sunakhala pamenepo ai.

Zoyesera kutentha zinalipo kale, koma zinatsutsana. Mmisiri ali yense analemba mizere monga anafuna mwini, kotero kuti ziwiri zobviikidwa m'mbiya imodzi zinanena zosiyana. Nanga anthu akadakhulupira citi? Caka ca 1708 Fahrenheit anaceza kwa Ole Rømer ku Copenhagen, naona kuti mizere iyenera kuyambira pa zinthu zosasinthika. Tsono anaika 0 pa kuzizira kwa madzi oundana, onga matalala, osanganiza ndi mcere. 32 pamene madzi ayamba kuundana. Ndi 96 pa kutentha kwa thupi la munthu wamoyo. Anthu a m'mbuyo mwace anakonzanso pang'ono, nakhazika kuwira kwa madzi pa 212. Cifukwa cace thupi liwerengedwa 98.6.

Poyamba anathira mowa waukali m'magalasi mwace, monga anacita anzace. Koma mowa ufulumira kuwira. Pamenepo anatenga mekyuli, citsulo conyezimira ngati siliva, coyenda ngati madzi, cimene cifufuma cikatenthedwa, nicikwera m'kagalasi mosadumpha, ndipo siciwira kufikira madzi atawira kale kale. Tiyesa kuti pano ndipo panaoneka luso lace lenileni, pakuti magalasiwo anaumba yekha, ndi zoyesera zace zinabvomerezana. Anapezanso kuti mpweya ukapepuka madzi awira msanga. Ndico cifukwa cace pamwamba pa Mulanje madzi awira asanatenthe monga ku Nsanje.

Caka ca 1724 akulu a nzeru a Royal Society ku London anamlandira akhale mmodzi wa iwo. Anamwalira ku The Hague caka ca 1736, wa zaka 50, wosakwatira, wopanda cuma. Lero maiko ambiri awerenga monga mwa Celsius, koma United States asungabe mizere ya Fahrenheit. Ndipo mekyuli alikucotsedwa m'zipatala, popeza kagalasi kakasweka apweteka anthu.